Chithunzi Chimodzi, Mayankho Awiri

Sukulu zitangotsekera mu Epulo chaka chino, mchemwali wathu wa ku Makanjira anatipeza kuno ku Limbe ali ndi mwana wake wamkazi wa zaka 13. Ulendo umenewu amene anauyendapo akuudziwa: kudzuka tambala woyamba, kukwera matola mpaka pa boma la Mangochi, kuchoka apo minibasi yodzera ku Liwonde ndi Zomba, n'kudzatsika pa depoti ya Limbe dzuwa litapendeka, miyendo itatupa. Sanabwere kudzacheza ayi. Mwanayo mano ake akutsogolo a m'mwamba anatuluka kwambiri kotero kuti milomo siinkakumana akatseka pakamwa, ndipo anzake kusukulu anali atamupatsa dzina limene sitingalilembe m'magazini ino. Anali atasiya kuseka pagulu. Ngakhale ku madrasa, amwalimu ake ankadandaula kuti powerenga amaphimba pakamwa ndi chikhatho, mawu n'kumatsamwa. Ife pokhala malume ake, katunduyu anagwera pamutu pathu.

Tinapita naye ku chipatala china cha mano cholipira pakati pa tauni ya Blantyre. Adokotala atamuona m'kamwa anati ayambe wajambulidwa X-ray ya mutu wonse chakumbali, osati yaing'ono ija ya dzino limodzi imene ambiri tinaizolowera. Titabwerera tsiku lachitatu tinapeza chithunzicho chitadzaza mizere ndi manambala. Iwo anatiuza kuti nsagwada ya m'mwamba ya mwanayo yatsogola kwambiri kuposa ya m'munsi, kuti muyeso wake watuluka madigiri 6 pamene m'mabuku muyeso wabwino ndi madigiri 2, ndiponso kuti pafunika kuzula mano awiri a m'mbali kuti papezeke malo obwezera akutsogolowo m'mbuyo ndi mawaya. Mawayawo adzakhala m'kamwa pafupifupi zaka ziwiri. Ndalama imene anatchula, ife aphunzitsi tingaikwanitse titasunga malipiro a miyezi ingapo osagula ngakhale mchere.

Tikutuluka pakhomo, mchemwali wathu anangoti, "Achimwene, dzino losabooka, losawawa, n'kulizula?" Funso limeneli linatisowetsa tulo. Paja akulu anati safunsa anadya phula, choncho tinapempha chithunzi chathu n'kupita nacho kwa adokotala ena a mano kuno ku Limbe. Mwanayo sanajambulidwenso. Chithunzi chinali chomwecho, mutu womwewo. Koma iwowa atayeza anapeza madigiri 4, ndipo anati mafupa a mwanayo sanasiyane kwenikweni, vuto lalikulu ndi mano amene apendekera kutsogolo.

Mchemwali wathu anagamula mlanduwo tisanafike n'komwe kunyumba: mmodzi mwa awiriwa ndi wabodza, akufuna ndalama basi. Tivomere kuti nafenso tinaganiza choncho. Koma titafunsa amene amadziwa ndi kuwerenga zimene tinakwanitsa kupeza, tinazindikira kuti palibe amene ananama. Ichi n'chimene chatichititsa kulemba nkhani ino, pakuti makolo a kunyanja amene akubwera ndi ana awo ku Blantyre kudzawongoletsa mano akunka nachuluka, ndipo ambiri akaona nambala yotuluka m'makina amaitenga ngati chigamulo cha khoti lalikulu.

Mthunzi wa chigaza

X-ray anaitulukira ndi Wilhelm Röntgen ku Würzburg m'dziko la Germany mu 1895, koma panapita zaka zoposa 30 madokotala owongola mano asakutha kuyeza nayo mutu bwinobwino. Munthu akajambulidwa lero n'kujambulidwanso mawa, zithunzi ziwirizo sizinkafanana, chifukwa pena mutu wapendeka, pena makina asendera. Mu 1931 anthu awiri, B. Holly Broadbent wa ku Cleveland ku America ndi Herbert Hofrath wa ku Düsseldorf ku Germany, aliyense payekha, anakonza chipangizo chogwira mutu kuti usagwedezeke. Mpaka lero njira yake ndi yomweyo. Timitengo tiwiri timalowa m'makutu, kachitsulo kena kamatsamira pamwamba pa mphuno, wojambulidwayo amaluma mano ake monga amalumira masiku onse, ndipo gwero la cheza limakhala pa mtunda wokhazikika wa mafiti 5, amene ndi masentimita 152, kuchokera pakati pa mutu.

Ngakhale zili choncho, chimene chimatuluka ndi mthunzi, si mutu weniweni. Aliyense amene anaikapo dzanja patsogolo pa nyali ya asodzi a usipa akudziwa kuti mthunzi wa pakhoma umakula kuposa dzanjalo. Chimodzimodzinso apa: chigaza chimaoneka chokulirapo, kawirikawiri ndi magawo 7 mpaka 10 pa 100 alionse, malinga ndi makina ake. Chinanso n'chakuti mutu uli ndi mbali ziwiri, ya kumanja ndi ya kumanzere, ndipo zonse zimagwera pa chithunzi chimodzi, ina pamwamba pa inzake. Mbali imene yatalikirana ndi filimu imakula kuposa imene yayandikira, motero m'munsi mwa nsagwada mumaoneka mizere iwiri m'malo mwa umodzi, ndipo woyeza amangodutsa pakati pake.

Palinso kanthu kena kamene makolo sitingakaganizire. Ana ambiri amene chibwano chawo chinabwerera m'mbuyo anazolowera kuchikankhira kutsogolo pamaso pa alendo kuti azioneka bwino. Mwana akachita zimenezi nthawi yojambula, wojambula n'kusazindikira, chithunzi chimatuluka chokongola koma cha nsagwada imene ili pamalo posakhala pake.

Kumene nambala imachokera

Chithunzi cha X-ray sichilankhula. Kuti mthunzi wotuwa uja usanduke nambala, pafunika munthu akhale pansi, aike filimu pa bokosi lowala, ayale pepala loonekera pamwamba pake, atenge pensulo yosongoka n'kuyamba kufunafuna malo odziwika a chigaza, n'kumaikapo timadontho. Masiku ano ambiri amachitira pa kompyuta, koma ntchito ndi yomweyo, ya diso ndi dzanja la munthu.

Timadontho timeneti tilipo tambiri, koma pa nkhani ya mwana wathuyu tofunika ndi tinayi. Koyamba amakatcha Sella, mwachidule S. Pansi pa ubongo, pakatikati pa chigaza, pali kadzenje kooneka ngati chishalo cha pahatchi, ndipo woyeza amaika kadontho pakati pa kadzenjeko, pamene palibe fupa lililonse loti n'kuligwira, amangoyerekeza ndi maso. Kachiwiri ndi Nasion, mwachidule N, pamene fupa la mphuno lalumikizana ndi la pamphumi. Kachitatu ndi A. Pansi pa mphuno, pamwamba pa mizu ya mano akutsogolo, fupa limakhota kulowa mkati, ndipo malo amene lalowa kwambiri ndiwo A. Kachinayi ndi B, kamene kali pa kukhota kotere komwe pakati pa mano a m'munsi ndi nsonga ya chibwano.

Inu a kunyanja, tayerekezani mwakwera paphiri ku Monkey Bay, ndiye wina akuuzeni kuti mulozere malo enieni pamene gombe lalowa kwambiri kumtunda. Inu muloza apa, mnzanu aloza apo, ndipo nonse simunalakwitse kwenikweni pakuti gombe lokhota lilibe nsonga. Umu ndi mmene zilili ndi A ndi B. Kuwonjezera apo, fupa la pa A ndi lopyapyala ndipo mthunzi wa mnofu wa tsaya umadutsa pomwepo n'kumaliphimba.

Akaika timadontho, woyeza amalemba mizere itatu yochokera pa N: wina kupita pa S, wina pa A, wina pa B. Kenaka amayeza ngodya, ndiko kuti kutseguka kwa mizereyo pamene yakumana, pogwiritsa ntchito kachipangizo kooneka ngati theka la mwezi kaja kamene kamakhala m'bokosi la masamu la ana a sukulu. Richard Riedel mu 1952 ndi Cecil Steiner mu 1953, onse a ku America, ndi amene anatchukitsa miyeso imeneyi. Steiner analemba kuti ngodya ya SNA ikhale madigiri 82, ya SNB ikhale 80, ndipo kusiyana kwake, kumene amakutcha ANB, kukhale 2. ANB ikapitirira 4 madokotala amati nsagwada ya m'mwamba yatsogola kapena ya m'munsi yatsalira. Ikatsika kufika pa 0 kapena pansi pake amati ya m'munsi ndiyo yatsogola. Madigiri 6 ndi 4 amene anatizunguza mutu aja anali a ANB imeneyi.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Kuchokera pa N kukafika pa A pali mamilimita pafupifupi 55 kapena 60. Mwana aliyense wa Fomu 4 amene amamvetsera m'kalasi la masamu akhoza kukutsimikizirani kuti pa mtunda wotere, kadontho kakasendera kutsogolo ndi milimita imodzi yokha, ngodya imasintha ndi digiri imodzi. Kadontho ka B kali patali, mamilimita pafupifupi 95 kapena 100, choncho milimita imodzi imasintha ngodya ndi theka la digiri kapena kupitirirapo pang'ono. Ndiye ngati woyeza wina waika A patsogolo ndi milimita imodzi, B n'kumuika pambuyo ndi milimita imodzi poyerekeza ndi mnzake, mayankho awo asiyana kale ndi digiri imodzi ndi theka, tisanawerengere kusiyana kwa pa N. Ndipo milimita imodzi n'chiyani? Ndi mizere iwiri ya pensulo yosongoka itagundana. Mano awiri a mwana wa mchemwali wathu anali atapachikika pa kamtunda kameneka.

Madokotala akudziwa kale

Tisaganize kuti taulula chinsinsi. Eni ntchitoyi anazindikira vutoli kalekale ndipo analilemba poyera. Mu 1971 Sheldon Baumrind ndi Robert Frantz a ku California anachita mwadala zimene ife tinachita mwangozi. Anapereka zithunzi zomwezomwezo kwa madokotala angapo kuti aliyense aike timadontho payekha, kenaka n'kusanjikiza mapepala awo. Anapeza kuti kusiyana kwake n'kwakukulu kosati n'kukunyalanyaza, ndiponso kuti kadontho kalikonse kali ndi khalidwe lake. Nsonga ya dzino lakutsogolo onse ankaipeza pamodzimodzi chifukwa ndi yakuthwa ndi yooneka bwino. Koma pangodya ya nsagwada pansi pa khutu, pamene amapatcha Gonion, ndiponso pansonga ya muzu wa dzino la m'munsi, timadontho tinamwazikana ngati nkhuku zoona mphamba. Pamalo okhota, timadontho timatsetsereka motsatira kukhotako. Choncho dokotala wodziwa ntchito yake amadziwa manambala oti awakhulupirire kwambiri ndi oti awatenge mosamala.

Tingotchulapo podutsa kuti kukayikira diso si nzeru ya dzulo. Ibn al-Haytham, katswiri wobadwira ku Basra amene analemba Kitab al-Manazir ali ku Cairo zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, anapatula gawo lathunthu la bukulo kufotokoza njira zimene maso amanyengera mwini wake, monga kuwala kukachepa kapena chinthu chikachepetsetsa. Zonse ziwirizi zimakumana pa filimu ya X-ray.

Kulakwa kwa muyeso kuli kwa mitundu iwiri, ndipo kuti tikumvetse tiyeni tipite kudoko kumene amagulitsa usipa ndi ndowa. Wogulitsa wina ndowa yake ndi yabwinobwino, koma pothira pena amadzazitsa mpaka kusongoka, pena amalekeza m'milomo, pena amagwedeza kuti usipa ukhazikike. Mukagula ndowa khumi, ina ichuluka, ina ichepa, koma mukaphatikiza zonse simunaberedwe kwambiri. Wogulitsa wina ndi wosamala, amathira mofanana nthawi zonse, koma ndowa yake anaimenya kunsi kuti matako alowe mkati. Ameneyu ndowa zake khumi zonse zifanana ndendende, ndipo zonse khumi n'zoperewera. Woyamba muyeso wake ndi wosakhazikika. Wachiwiri muyeso wake ndi wokhazikika koma si woona. W. J. B. Houston wa ku London analemba mu 1983 kuchenjeza anzake owongola mano kuti azisiyanitsa mitundu iwiriyi, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Kusakhazikika kumachepa munthu akayeza kawiri kapena katatu n'kutenga chapakati. Koma ndowa yomenyedwa, ngakhale muyeze nayo kazana, siidzadzaza.

Masikelo a m'misika ndi mapampu a petulo ali ndi owayang'anira, a Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likulu lake lili konkuno ku Blantyre. Iwo amabwera ndi miyala yawo yodziwika kulemera n'kuyesa sikelo. Koma diso la dokotala lilibe mwala woliyesera. Chimene ofufuza amachita ndi ichi: amatenga zithunzi zingapo n'kuziyeza, kuzisunga milungu iwiri kapena kuposerapo kuti aiwale pamene anaika timadontho, kenaka n'kuziyezanso osayang'ana zoyamba zija. Kusiyana kwa miyeso iwiriyo amakuwerengera ndi njira imene Gunnar Dahlberg wa ku Sweden analemba mu 1940, ndipo imatulutsa nambala imodzi yosonyeza kukula kwa kuphonya kwa woyezayo. Amachitanso chimodzimodzi pakati pa anthu awiri osiyana, ndipo pafupifupi nthawi zonse anthu awiri amasiyana kwambiri kuposa mmene munthu mmodzi amasiyanirana ndi iye mwini. Mu 1986 Martin Bland ndi Douglas Altman anawonjezera chenjezo lina m'magazini ya madokotala ya The Lancet, lakuti miyeso iwiri ikhoza kukwera ndi kutsikira limodzi koma osagwirizana. Masikelo awiri, ina yowonjezera kilogalamu imodzi pa thumba lililonse, onse avomerezana kuti thumba ili ndi lolemera kuposa ilo, koma mlimi wogulitsa pa ina ndi wogulitsa pa inayo sapita kwawo ndi ndalama zofanana.

Zimenezi zimavuta kwambiri pamene dokotala akufuna kuona ngati mwana wakula kapena ngati mawaya agwira ntchito. Nsagwada ya m'munsi ya mwana amene akutha msinkhu imatalika mamilimita awiri kapena atatu pachaka. Ngati kuphonya kwa woyeza kuli milimita imodzi pa chithunzi choyamba ndi ina pa chachiwiri, n'kovuta kudziwa ngati chimene chasuntha ndi fupa kapena pensulo. Zikakhala kuti zithunzi ziwirizo zajambulidwa ndi makina osiyana, okulitsa mthunzi mosiyana, ndiye zafika poipa.

Madigiri awiriwo ndi a yani?

Tsono tiyerekeze kuti woyeza sanaphonye ngakhale pang'ono. Patsalabe funso limene ife linatikhudza kuposa onse: nambala ya "munthu wabwino" ija inachokera pa mitu ya yani? William Downs, amene anayambitsa kalembera wotere mu 1948, anayeza achinyamata 20 okha, a zaka 12 mpaka 17, onse azungu a ku America. Manambala a Steiner nawonso anachokera kwa azungu a dziko lomwelo. Sitikuwadzudzula, pakuti anayeza anthu amene anali nawo pafupi. Koma nkhope za ana a Adamu sizinaumbidwe m'chikombole chimodzi. Ofufuza amene anayeza anthu akuda a mano abwinobwino ku Nigeria, ku Kenya, ku Zimbabwe, ku South Africa ndi ku America komweko anapeza mobwerezabwereza kuti nsagwada, makamaka ya m'mwamba, imakhala patsogolo kuposa manambala a Steiner, mano akutsogolo amapendekera kunja pang'ono ndipo milomo imakhala yodzaza. Kwa ife umenewu si matenda, ndi nkhope ya makolo athu. Mwana wa ku Nkhotakota akayezedwa ndi ndowa ya ku Illinois akhoza kuoneka wopitirira muyeso pamene alibe vuto.

ANB yomweyo ili ndi chilema chake. Popeza mizere yonse imachokera pa N, munthu amene fupa lake la pamphumi lili patsogolo kapena pambuyo pang'ono amatulutsa nambala yosokoneza ngakhale nsagwada zake zikugwirizana bwino. Poona zimenezi, Alexander Jacobson wa pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg anakonza mu 1975 njira ina imene amaitcha Wits, yoyeza A ndi B potsatira mzere umene mano amalumirana, osadzera pa N. Koma mzere umenewonso si wapafupi kuupeza pa chithunzi. Madokotala osamala amayeza njira zonse ziwiri n'kuona ngati zikunena chimodzi.

Nanga kompyuta?

Ena anena kuti zonsezi n'zakale, masiku ano makina amadziikira okha timadontho. N'zoona kuti mapulogalamu otere alipo ndipo akunka nakhwima. Pa mpikisano wa akatswiri a kompyuta umene unachitika mu 2015, pogwiritsa ntchito zithunzi 400 za ku Taiwan ndi timadontho 19 pa chithunzi chilichonse, pulogalamu yopambana inkapeza bwino timadontho pafupifupi 7 mwa 10 tilitonse. Zaka zotsatira manambalawo anakwera. Koma tamvani chimene ankachitcha kupeza bwino: kadontho kakagwa mkati mwa mamilimita awiri kuchokera pamene madokotala anaika. Taona kale zimene milimita imodzi imachita pa A. Ndiponso makinawo anaphunzira kwa anthu, pa mitu ya anthu a kumeneko. Ubwino wa kompyuta ndi wakuti mukaipatsa chithunzi chomwecho kakhumi ikuyankhani chimodzimodzi kakhumi, siitopa, siikhala ndi njala ya masana. Koma paja wa ndowa yomenyedwa uja nayenso amathira mofanana nthawi zonse. N'chifukwa chake dokotala amayenera kuyang'ananso pamene makina aika timadontho n'kukonza pofunika kukonza.

Pali chizolowezi china chimene chafala pakati pathu, chojambula filimu ya X-ray ndi foni n'kuitumiza pa WhatsApp kwa wachibale wodziwa zachipatala ku Lilongwe kapena ku Johannesburg kuti atithandize maganizo. Kwa mwendo wothyoka mwina zingathandizeko. Koma pa miyeso ya mutu, foni ikangopendeka pang'ono ngodya zonse zimasintha, ndipo karula kakang'ono kamene kamaoneka chakutsogolo kwa mphumi pa chithunzi kakadulidwa, palibenso njira yodziwira kutalika kwenikweni kwa chilichonse. Ngati mukufuna maganizo a dokotala wina, pemphani filimu yeniyeniyo kapena fayilo yake ya pa kompyuta. Kutero kumapulumutsanso mwana kuti asajambulidwe kawiri. Cheza cha chithunzi chimodzi chotere n'chochepa ndithu, chofanana ndi chimene tonse timalandira kuchokera ku nthaka ndi mlengalenga pa tsiku limodzi, komabe palibe chifukwa chomuwonjezerera mwana cheza popanda phindu.

Kwathu kuno

Dziko lathu lakhala ndi njala ya madokotala a mano kwa nthawi yaitali. Mu 2018, pamene kalembera anapeza anthu oposa 17 miliyoni, madokotala a mano sankafika ngakhale 50 dziko lonse, ndipo onse anaphunzira kunja. Ntchito yaikulu m'zipatala za m'maboma yakhala ikugwiridwa ndi othandiza a zamano ophunzitsidwa pa Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, amene amazula, kumata ndi kutsuka mano. Mu 2019 College of Medicine ya ku Blantyre, imene kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, inatsegula maphunziro a udokotala wa mano mothandizana ndi University of Glasgow ndi boma la Scotland, ndipo gulu loyamba linamaliza mu 2025. Boma nalo linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yosamalira umoyo wa m'kamwa mu 2022. Kuwongola mano ndi luso lapadera limene munthu amaliphunzira zaka zina zingapo atamaliza udokotala wa mano, choncho odziwa ntchitoyi akadali owerengeka ndipo amapezeka m'mizinda ikuluikulu. Chiyembekezo chathu n'chakuti mwa achinyamata amene akuphunzira pafupi ndi chipatala cha Gulupu aja mutuluke ena odzayeza nkhope za ana a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota n'kutilembera miyeso yathuyathu.

Kuchepa kwa madokotalaku n'kumene kumachititsa kholo kuchita manyazi kufunsa, poopa kuti likawakwiyitsa lipita kwa yani. Ife tinapeza kuti dokotala wodziwa ntchito sakwiya ndi mafunso aulemu. Mukhoza kumupempha kuti akuonetseni pa chithunzi pamene waika A ndi B. Mukhoza kufunsa ngati nambalayo ili patali ndi malire kapena yangowoloka pang'ono, pakuti ANB ya madigiri 10 siingasanduke 3 chifukwa cha pensulo, koma ya 5 ikhoza kukhala 4 kapena 6. Mukhoza kufunsanso kuti akuyerekeza mwanayo ndi miyeso ya anthu ati. Ndipo koposa zonse, ngati pali mawu ozula dzino labwino, funsani chifukwa china kupatula nambala ya pa X-ray. Tisamvane molakwa, nthawi zambiri kuzula n'koyenera ndithu, makamaka mano akathithikana mosowa malo, ndipo kholo lokana kuzula chifukwa cha mantha okha likhoza kumulakwira mwana. Koma chigamulo chotere chimafuna mboni zingapo: nkhope ya mwana ali phee, mmene milomo imakhalira, chikombole cha mano choyezerapo malo amene akuperewera, msinkhu wake ndi kukula kumene kwamutsalira.

Patapita milungu iwiri tinabwerera kwa adokotala a ku Limbe aja n'kuwafotokozera zonse, kuphatikizapo nambala ya anzawo. Sanawanyoze. Anatsegula chithunzicho pa kompyuta, n'kufufuta timadontho tawo takale, n'kuyezanso ife tikuona. Panatuluka madigiri 5. Anaseka n'kunena kuti, "Mwaona bambo? Lero ndasiyana ndi anzangawo, ndasiyananso ndi ine ndemwe." Kenaka anatenga chikombole cha mano n'kupeza kuti malo operewera ndi ochepa. Anamufunsa mwanayo ngati ankayamwa chala ali wamng'ono, iye n'kuyang'ana pansi, mayi ake n'kuyankha kuti anasiya ali Sitandade 2. Tinagwirizana kuti mawaya aikidwe popanda kuzula dzino, ndipo pakatha miyezi 9 adzaonenso. Anatiuza mosabisa kuti ngati mano akutsogolo sabwerera mokwanira, nkhani yozula idzabweranso pa tebulo, ndipo zikadzatero ndiye kuti anzawo a ku Blantyre aja anaona patali.

Popeza mawaya amafuna kukungidwa pakatha milungu 6 iliyonse, ndipo ulendo wa ku Makanjira si woyenda kawirikawiri, mwanayo watsala ndi ife ndipo tamupezera malo pa sukulu ina ku Kanjedza. Mchemwali wathu anabwerera kunyanja atatisiyira envulopu ya khaki ya filimu ija, atakulunga m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi buku la kuchipatala la mwanayo, ndipo anatilamula kuti tisaipinde. Ili pansi pa sutikesi, ikudikira mwezi wa Febuluwale.